Manja Obwereka pa Chithunzi cha Bambo

Anandilanda manja a bambo anga. Wondilandayo ndi mwini situdiyo ina ya zithunzi pa boma pa Ntcheu, munthu amene ndinamugwirira ntchito zaka ziwiri, ndipo mpaka lero tikakumana amandipatsa moni ngati sipanachitike kanthu. Sikuti anawadula ndi chikwanje. Manjawo anali pa zithunzi, zithunzizo zinali pa khadi la kamera, ndipo iye anafufuta khadilo Lachisanu lina masana, ine ndili kumanda kukaika mwini manjawo. Pano ndizimutchula kuti bwana, poti ndi momwe ndinkamuitanira. Dzina lake silindithandiza kanthu.

Sukulu ndinalekezera folomu 2. Chaka chimenecho kachewere wathu, mbatatesi imene timalima ku Tsangano, anapsa ndi matenda a chiwawu, ndipo a hedi sankalandira nkhani za chiwawu m'malo mwa fizi. Ndinayamba kukwera malole a kachewere kutsikira ku boma, kumakathandiza kutsitsa matumba. Ndikamaliza ndinkakaima pawindo la situdiyo ija n'kumayang'ana zithunzi zomatidwa pagalasi: akwati, makanda onenepa, mnyamata wina atatsamira galimoto imene ndinkadziwa bwino kuti si yake, chifukwa ndinkamuona akugulitsa zitumbuwa pa depoti. Tsiku lina bwana anatuluka n'kundifunsa kumene ndimachokera. Nditatchula Tsangano anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kumtunda kuja kulibe wojambula," anatero. "Manja ako sanjenjemera?"

Ndinawatambasula kuti aone. Sankanjenjemera.

Iye anali ndi kamera yake yaikulu yakuda, ya lenzi yaitali ngati munsi, imene sankalola munthu kuikhudza mpaka tsiku limene inagwa pa ukwati wina n'kufa. Imene anandipatsa ine inali yaing'ono, yotuwa, yokwana m'thumba la buluku. Ukaiyatsa, lenzi inkatuluka pang'onopang'ono ikung'ung'udza, ngati fulu amene akufuna kuona ngati anthu apita. Kumbuyo kunali kagalasi kofanana kukula ndi bokosi la machesi, ndipo m'mbali munkalowa kakhadi kosunga zonse zimene wajambula. Khadilo linali limodzi lokha, la bwana. Ndinkakwera nayo kamerayo kumudzi, kujambula anthu pamsika, kutchalitchi, m'minda, kenako Lolemba lililonse n'kutsika kukatsuka zithunzi. Tinkanenabe kuti kutsuka ngakhale panalibe madzi alionse, makina okha otulutsa pepala lofunda ngati chigumu chongophula kumene.

Pamsika anthu ankandiunjirira kuti adzione pakagalasi kaja. Ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Ena ochokera kutsidya, ku Mozambiki, ankaimika njinga zawo zodzaza katundu, kujambulitsa, kudziona, n'kumapita osabweranso kudzatenga pepala. Kudziona kokhako kunkawakwanira. Ine ndinkayenda ngati munthu wonyamula madzi m'manja, kuopa kutaya nkhope za anthu panjira.

Bwana sankaphunzitsa zambiri. Dzuwa lizikhala kumsana kwako, usadule munthu mapazi. Chimene ankabwereza kawirikawiri chinali ichi: "Munthu salipira kuti umuonetse momwe alili, mphwanga. Kalilole ali naye kunyumba."

Ntchito yeniyeni inali pa kompyuta, kuseri kwa katani. Ukaika chithunzi pamenepo unkazunguliza munthuyo ndi mausi, ndipo kamzere ka timadontho kankamutsata m'mbali monse, timadonthoto tikuyendayenda ngati nyerere zimene zapeza shuga. Ukadina, munthu ankanyamuka pamene anaima. Khola la mbuzi kumbuyo kwake linkazimiririka, iwe n'kumukhazika patsogolo pa nyumba yosanja, kapena pafupi ndi mathithi a dziko limene palibe amene ankalidziwa. Mayi wina wogulitsa kabichi anapempha kuti ndimuike pabwalo la ndege. Nditamupatsa pepala anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati kumeneko kunali kuzizira, poti anaoneka wosafunda.

M'kompyutamo munalinso masuti: matupi a anthu ovala bwino, opanda mitu. Ambiri anali a azungu, ndipo manja awo ukawadetsa ankaoneka ngati apsa ndi moto. Imodzi yokha inali ndi manja a munthu wakuda. Inali suti yabuluu, tayi yofiira, manja opingasa patebulo, mphete kuchala, wotchi yonyezimira pamkono. Suti imeneyo ndiyo tinkaveka azibambo akamwalira. Masiku amenewo anthu anali atazolowera kunyamula chithunzi cha malemu patsogolo pa bokosi, ndipo panalibe banja limene linkafuna kuti bambo awo atsogolere maliro awo ali m'malaya a kumunda.

Ndisaname, ndinali katswiri pa zimenezi. Mitu ya azibambo a eni ndinaidula yambiri. Makutu ndiwo amavuta, ndi pakhosi pamene mutu ukumana ndi kolala. Pamafunika kamthunzi pang'ono, apo ayi mutu umaoneka ngati dzungu loikidwa pampando. Za manja amene ndinkataya sindinaganizepo. Ankapita limodzi ndi khola la mbuzi.

Bambo anga sankafuna kujambulidwa. Ndikawalozetsa kamera ankatembenuka.

"Nkhope yangayi boma linatenga kale, ili pa chiphaso chovotera," ankatero. "Ukafuna, jambula ntchito."

Ndinajambula ntchito. Inali nyengo yachisanu, miyezi ija nkhungu imagona m'minda ya ku Tsangano mpaka dzuwa litakwera, ndipo munthu woima pamzere wachitatu umangomudziwira chifuwa. Lamulo la bwana la dzuwa kumsana linalibe ntchito, dzuwalo kunalibe. Lenzi inkachita thukuta, ine n'kumaipukuta ndi m'kati mwa malaya. Ndikayatsa fulashi, chithunzi chinkadzaza timadontho toyera ngati wina wawaza ufa. Ndinaphunzira kuizimitsa, kutsamiritsa zigongono pathumba, kugwira mpweya, kenako n'kudina. Panalinso batani lojambulidwa duwa, lojambulira zinthu zapafupi kwambiri. Ndi batani limenelo zonse zakumbuyo zinkasungunuka, phiri, mitengo ya mapichesi, mpanda, n'kutsala manja okha akuyandama m'kuyera kuja ngati alibe mwini.

Manja amenewo anali aakulu kuposa thupi lawo. M'ming'alu yake munkakhala dothi lofiira limene sopo analigonjera kalekale. Chala chimodzi chakumapeto chinali chopindika, sichinkawongoka. Chingwe cha ng'ombe chinawakoka ali mnyamata. Akagwira kapu ya tiyi, chalacho chinkaima pachokha ngati chanyanyala. Ndinawajambula akusankha mbewu, akupukuta kachewere ndi chala chachikulu kuti aone maso ake, akusoka matumba aja ogula amafuna kuti akhale ndi mutu wotumphuka pamwamba, akusenda kachewere wowotcha osamva kutentha. Nthawi zina ndinkaiwala kudina. Ndinkangoyang'ana pakagalasi, manja akulowa m'nkhungu n'kutuluka atanyamula kanthu, ndipo ndinkaona ngati munda wonse ukuyenda pang'onopang'ono kulowera ku Mozambiki, ife tili pamwamba pake.

"Watha?" ankafunsa osandiyang'ana.

"Ayi, bambo."

"Batani limodzi lokha mpaka tiyi kuzizira? Ukanakhala dokotala odwala akanatha."

Tsiku lina tikupumula pamatumba ndinawaonetsa chithunzi chimodzi. Anatenga kamera ndi zala ziwiri ngati dzira, n'kuitalikitsa chifukwa maso awo sankaona bwino pafupi. Anayang'ana mpaka kagalasi kanazima kokha.

"Awa ndi anga?"

"Anu."

"Ndimayesa a agogo ako," anatero, n'kundibwezera. Kenako anayang'ana manja awo enieniwo, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake pamsika wakutali. Kuyambira tsiku limenelo sanandifulumizenso.

Nkhope ndinaipeza kamodzi kokha. Anafukula kachewere wamkulu ngati mutu wa khanda, n'kumunyamula ndi manja onse awiri kuti andionetse, akuseka, ataiwala kuti kamera ili maso. Anavala malaya a chipani amene anawalandira pamsonkhano zisankho ziwiri zapitazo. Nkhope ya mtsogoleri wa chipanicho inali itasuluka pachifuwa mpaka sunkadziwa kuti ndi ndani. Bambo sankawavalira ndale. Ankati pa zonse zimene munthuyo analonjeza, malaya okha ndiwo anafika.

Zithunzi zimenezi sindinazitsuke. Mapepala bwana ankawasunga m'kabati, lililonse linali ndi mwini wake, ndipo ine ndinkangoti mawa. Koma sindinali wopusa, kapena ndinkaganiza choncho. Kamera ija inali ndi njira yokhomera chithunzi: ukachisankha, pakona pankabwera kakiyi kakang'ono. Lolemba lililonse tikamaliza kutsuka, bwana ankalamula kamera kuti ifufute zonse, ndipo zonse zinkapitadi kupatula zokhala ndi kakiyi. Sabata ndi sabata ndinkazipeza zili pomwepo, kumayambiriro kwa khadi, zikundidikira. Pa lole pobwerera kumudzi ndinkaziyang'ana chimodzichimodzi mpaka mabatire kuyamba kudandaula. Kakiyi kaja ndinkakakhulupirira kuposa loko wa pachitseko chathu.

Bwana ankazidziwa. Anazionapo.

"Tizithunzi ta manjati n'ta ndani?"

"Ta bambo anga."

"Amalipira?"

"Ayi."

"Ndiye bola tisandidzazire khadi. Koma iwe, anthu amajambula nkhope. Manja aliyense ali nawo."

Kumapeto kwa chisanu chomwecho bambo anadwala chibayo. Tinawatsitsira kuchipatala pa lole ya kachewere, atagona pamatumba amene anasoka okha. Anakhalako masiku atatu. Lachinayi m'mawa anamwalira.

Malume anapita kukafuna bokosi ndi galimoto. Ine ndi amayi tinatsala panja pa chipatala, pansi pa mtengo, amayi atafunda chitenje kumutu. Kamera inali m'thumba mwanga, sindinkaisiya.

"Pafunika chithunzi cha patsogolo pa bokosi," anatero amayi. "Iwe ndiwe wa zimenezo."

Ndinayatsa kamera n'kuwaonetsa cha kachewere wamkulu chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, atatchinga kagalasi ndi dzanja kuti dzuwa lisasokoneze. Ndinkayesa alira. Sanalire.

"Malayawa ayi," anatero. "Mpingo wonse uziyenda pambuyo pa malaya a chipani? Ukawaveke jekete ngati anzawo."

"Amayi, bambo analibe jekete."

"Ndiye chifukwa chake."

Sindinatsutsenso. Munthu sutsutsana ndi mayi ako tsiku limene afedwa. Komanso ndinkadziwa kuti chithunzi chenicheni chitsala pa khadi, chokhomedwa.

Bwana anandilandira bwino, ndisamunamizire. Atamva anavula chipewa, anazimitsa wailesi, n'kundikhazika pampando wa pa kompyuta. Ndinagwira mausi, koma tsiku limenelo manja anga ankanjenjemera.

"Choka apo, mphwanga, ndichita ndine. Bambo ako sungawadule wekha."

Anatenga chithunzi chimodzi chija pa khadi n'kuchiika pa kompyuta. Ndinaona nyerere zija zikuzungulira mutu wa bambo, kudutsa khutu, kutsikira pachibwano, kukwereranso mbali inayo. Zinkayenda mwakachetechete, ndipo ndinkamva ngati zikuyenda pakhosi panga. Anadina. Nkhungu inachoka, munda unachoka, kachewere anachoka pamodzi ndi manja amene anamunyamula. Panatsala mutu wokha ukuseka pamalo oyera. Kenako suti inabwera kuchokera pansi n'kuwalandira.

Anaigwira bwino ntchitoyo. Kamthunzi ka pakhosi anakaika mosamala kuposa mmene ine ndikanachitira. Anayeretsa mano, n'kusalaza makwinya awiri apamphumi. Posunga, kompyuta inafunsa ngati chatsopanochi chilowe m'malo mwa chakale, ndipo iye anavomera osawerenga n'komwe, monga ankachitira masiku onse, poti kompyutayo inali yodzaza kale. Ndinaona. Sindinamuletse. Ndinali ndi kakiyi.

Anachiika m'felemu yagalasi n'kunena kuti imeneyo ndiyo chipepeso chake. Ndikutuluka anandiitana.

"Kamera usiye. Loweruka kuli ukwati ku Sharpevale, ndipo iwe sabata ino sugwira ntchito."

"Muli zithunzi za bambo m'menemo."

"Ndikudziwa. Si unazikhoma? Pita ukaike maliro."

Ndinaisiya patebulo. Lenzi inabwerera m'chigoba chake.

Tinaika Lachisanu. Mlongo wanga ndiye ananyamula felemu patsogolo pa bokosi, amayi a mpingo akuimba pambuyo. Nkhungu tsiku limenelo inachedwa kuchoka, ndipo kuchokera pamene ndinkayenda ndinkaona ngati chithunzicho chikuyenda chokha, bambo atakhala patebulo la mu ofesi, akuyandama pamwamba pa mizere ya kachewere. Anthu ankasuzumira n'kugwedeza mitu. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Koma analitu bwana, kungoti sankadzionetsa." Mnzakeyo anati, "Suti yomweyi anapita nayonso amuna anga." Sananene mokwiya. Ananena ngati akunena za basi imene aliyense amakwera.

Ndinatsika ku boma Lachitatu lotsatira, mutu wometa ukuzizira. Ndisanakhale n'komwe pansi ndinatenga kamera, n'kuyatsa, n'kupita kumayambiriro kwa khadi. Chithunzi choyamba chinali cha keke. Ndinabwerera m'mbuyo. Akwati akuvina m'fumbi. Ndinazungulira khadi lonse katatu. Keke, mkwatibwi, mpunga m'mabeseni, keke.

"Zili kuti?"

Bwana sanachotse maso pa kompyuta. "Chiyani?"

"Za bambo."

"Khadi lija linkavuta. Lachisanu ndikuyesa kamera inkangolemba zoti khadi lalakwika. Sindikanapita nalo ku ukwati wa eni lili choncho. Ndinalifomata."

"Ndinazikhoma."

"Kufomata sikuona kiyi, mphwanga. Kumasesa nyumba yonse ndi zitseko zomwe. Sunkadziwa?"

Sindinkadziwa. Zaka ziwiri anandiphunzitsa kudula makutu a anthu akufa, koma chimenechi sanandiuzepo.

"Bwanji simunayambe mwazikopera pa kompyuta?"

Apa ndiye anatembenuka, ndipo pankhope pake panali kudabwa kwenikweni, chimene chimandipweteka mpaka lero.

"Manja aja? Nkhopetu ndinakupatsa, ndi felemu yomwe. Anthu amalira nkhope."

Kenako anachita manyazi pang'ono. Anati ali ndi pulogalamu yofukula zofufutika, tiyese. Tinakhala masana onse kuseri kwa katani, kamzere kobiriwira kakukwawa pagalasi la kompyuta. Zinkatuluka chimodzichimodzi ngati kachewere wotsalira m'munda wokolola kale: anthu apamsika amene ndinawajambula miyezi yapitayo, mwana wobatizidwa, theka la njinga. Bwana anafotokoza kuti khadi likasesedwa limayamba kudzaza kumayambiriro, ndiye zithunzi za ukwati zinakhala pamalo pomwe panali zanga. Mpunga wa ku Sharpevale unakwirira bambo anga kachiwiri.

Chimodzi chokha chinatuluka, dzuwa litapendeka. Pamwamba pake panali nkhungu ya kumunda kwathu, ndinaizindikira, ndi nsonga ya mtengo wa pichesi. Kutsika pang'ono, pamene panayenera kuyamba manja, chithunzi chinangosanduka phulusa, kutuwa kosalala mpaka pansi. Ndinachikulitsa mpaka chinagawika timabokosi. Sindinathe kupeza pamene nkhungu inathera ndi pamene kuwonongeka kunayambira. Ndinkangoona ngati ndikadikira pang'ono kuyera, monga kumachitira ku Tsangano cha m'ma naini, ndipo manja atuluka atanyamula kanthu.

"Ndikutsukire chimenechi?" anafunsa bwana.

Ndinaika kamera patebulo n'kutuluka. Sindinabwererenso kukagwira ntchito.

Pano ndimalima munda womwe uja. Felemu ili pakhoma pabalaza, pamwamba pa kalendala ya chaka chimene chinatha kalekale. Amayi amaipukuta ndi nsonga ya chitenje Lamulungu lililonse asanapite kutchalitchi. Amaikonda. Amati, "Taona mmene apumulira." Bambo sanavalepo wotchi moyo wawo wonse, nthawi ankaidziwira kulira kwa malole, koma pakhomapo ali ndi wotchi, ndipo imati teni koloko yapitirira ndi mphindi khumi. Ndikalowa m'nyumba za anthu kumudzi kuno ndimapeza nthawi yomweyo. Kwa oyandikana nafe, kwa mayi wogulitsa mandasi, kwa mnzanga amene ndinkakhala naye desiki limodzi: mitu yosiyana, ina ndinaidula ndine, tayi yofiira, mphete, manja omwe aja opingasa. Ungaganize kuti azibambo a ku Tsangano anapangana ola lofera.

M'mawa wina nkhungu ikakhuthala ndimawaona azibambo aja. Sindikunena za mizukwa, musandinamizire. Ndimangoima ndi khasu, maso n'kupita okha. Amakhala kumapeto kwa munda, patebulo limodzi lalitali, onse m'suti yabuluu, akudikira. Manja alipo awiri okha pa onsewo, ndiye amabwerekana. Uyu akande mutu, apatsire mnzake akonze tayi, wina ayang'ane nthawi. Akafika pa bambo anga, amawatembenuza uku ndi uku, kuyang'ana zikhadabo zoyerazo, n'kuwapatsira wotsatira osawagwiritsa ntchito. Kenako dzuwa limatuluka, ine n'kupitiriza mzere.

Anthu amati manja anga ayamba kufanana ndi awo. Amanena pofuna kundisangalatsa. Dothi ndi lomwelo, inde, koma zala zanga zonse n'zowongoka.

Chimene chandilembetsa izi chinachitika mwezi wathawu. Tinkasankha mbewu pakhonde ndi amayi. Ndinanena kuti bambo akanakhalapo akanatiseka kuchedwa, ndipo ndinapinda chala chakumapeto cha dzanja lamanzere powatsanzira.

"Osati limenelo," anatero amayi. "Linali lamanja."

"Lamanzere, amayi. Ndinalijambula kambirimbiri."

"Iwe unajambula. Ine ndinaligwira pa ukwati, ndinalithirira madzi osamba m'manja usanabadwe n'komwe. Lamanja."

Ndinatseka maso kuti ndione. Ndinaona kapu ya tiyi, chala chonyanyala, nkhungu kumbuyo. Koma munthu ukamamujambula amakhala moyang'anana nawe, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwako, ndipo sindinathenso kudziwa ngati ndikukumbukira bambo kapena kagalasi. Ndinaimbira mlongo wanga, amene anakwatiwa ku Champiti. Anati, "Kodi chinali chopindika?" Malume anati manja onse awiri anali opindikapindika, anali manja a mlimi, ndisawavutitse.

Amayi analowa m'nyumba, ine pambuyo, ndipo tonse awiri, anthu akuluakulu, tinaima pansi pa felemu kuyang'ana manja a munthu amene sitimudziwa, ngati angatiuze kanthu. Zala zowongoka, zodzola mafuta.

"Kumene aliko chinawongoka," anatero amayi, n'kubwerera ku mbewu.

Mwina. Ine sindikufuna chowongoka. Ndikufuna kudziwa dzanja lake.

Bwana ndinakumana naye sabata yatha pa boma, nditapita ndi matumba. Masiku ano aliyense amajambula ndi foni, ndiye m'situdiyo muja amangochajitsa mafoni ndi kukonza zithunzi za maliro. Suti ija ikugwirabe ntchito, ndinaiona pawindo yavala mutu wa munthu wina. Anandigwira chanza nthawi yaitali.

"Ukadali wokwiya ndi tizithunzi tija, mphwanga? Nena, tikonze bwanji?"

Ndinayang'ana dzanja lake lili m'langa. Lole inali ikunyamuka, ndinathamanga kukakwera. Koma yankho ndili nalo, ndipo ndikulilemba pano kuti asadzanene kuti sindinanene. Zithunzi za bambo zinali makumi anayi ndi zitatu. Ndinkaziwerenga pa lole Lolemba lililonse. Cha phulusa chija sindichiwerengera. Anandibwezera mutu wa chimodzi. Zatsala makumi anayi ndi ziwiri, ndi manja awiri a chimodzi chija.